Makiyi a Pikapu ya Che Hassani

Amalume anga, a Blasius Namakhwa, anapenta galimoto zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, analemba za galimoto m'nyuzipepala zaka makumi awiri ndi chimodzi, koma sanayendetsepo galimoto ngakhale imodzi. Kufikira mu 2022 amene tinkadziwa zimenezi tinali anthu atatu: eni akewo, mnzawo Che Hassani wa ku Nselema, ndi ine.

Anabadwira kufupi ndi Ntaja mu 1961, m'banja la Chikatolika lozunguliridwa ndi midzi ya Asilamu. Sukulu anasiyira Fomu 2. Popeza ankalemba zooneka bwino, ntchito yawo yoyamba inali yolemba mayina pa mitanda ya kumanda. Kenaka anayamba zikwangwani za magolosale ndi za malo ometera, ndipo mu 1985 anasamukira ku Balaka, nakhoma kashedi ka malata pafupi ndi galaja ya makaniko wina, a Goliati. Kumeneko ankalemba mayina ndi makeyala a eni malole pa zitseko, ndiponso mawu aja amene a minibasi amakonda pa galasi lakumbuyo. Masiku opanda makasitomala ankajambula zithunzi pa zidutswa za matabwa. Zambiri zinali za misewu ndi galimoto, ndipo sizinkagulidwa.

Penti amachedwa kuuma, ndiye amalume ankadikira ali khale pa tayala m'galaja ya a Goliati, kuonerera ndi kufunsa mafunso. Anali ndi kachitidwe kawokawo. Akamaliza kulemba, ankauza mwini galimoto kuti awayendetse mpaka pa Chiyendausiku ndi kubwerera, ati mphepo iumitse penti. Iwo ankakhala kumanzere, n'kutsinzina, n'kumamvetsera. Pobwerera ankamuuza mwiniyo chimene chikulira molakwika m'galimoto mwake, ndipo kawirikawiri a Goliati akamasula ankapeza chomwecho.

Tsiku lina mu 2001 kunabwera a Hilary, mkonzi wa kanyuzipepala kotuluka mwezi ndi mwezi m'tauni momwemo, kudzalembetsa dzina la nyuzipepala pa galimoto ya ku ofesi. Amalume anawauza kuti tayala lakutsogolo lakumanzere silifika Khirisimasi lisanaguluke. Linaguluka mu Novembala. A Hilary anabweranso wapansi, nawapatsa theka la tsamba la m'nyuzipepalamo kuti azilembapo za galimoto. Analitcha Pansi pa Boneti. Anthu ankalemba makalata kuchokera ku Ulongwe, ku Nayuchi, mpaka ku Mangochi, kufunsa chifukwa chake injini ikutentha kapena giya ikukana, ndipo amalume ankayankha mwachidule, moseketsa pang'ono. Aphunzitsi a sukulu zoyendetsa galimoto ankadula tsambalo n'kulimata pakhoma.

Ine, Scholastica, ndinamaliza digiri ya masamu ku Zomba mu 2021 ndipo ntchito sinandipeze. Amayi ananditumiza kwa achimwene awo kuti ndizikathandiza. Amalume ankafuna kusonkhanitsa nkhani zawo zonse kuti zikhale buku, choncho anandipatsa katoni ya nyuzipepala zakale kuti ndizitaipe. Zinalipo mazana awiri ndi makumi anayi ndi zingapo. Ndili ndi chizolowezi chowerengetsa zinthu zimene palibe wandituma, ndipo nditafika pakati pa katoniyo ndinaona kuti palibe pamene amalume analemba kuti ndinaponda buleki kapena ndinasintha giya. Nthawi zonse woponda buleki anali dalaivala. Ndinapita ku zithunzi zawo. Khumi ndi zinayi zinali zoonetsa m'kati mwa galimoto, ndipo pa zonsezo chiwongolero chinali kumphepete kumanja, chitagwiridwa ndi mkono wa munthu wina.

Ndinawafunsa akusakaniza penti wofiira. Sanakweze mutu.

"Palibe anandifunsapo," anatero. "Iwe ndiwe woyamba. Ukhalenso womaliza, Sikola."

Pambuyo pake anandifotokozera kuti ali mnyamata analibe poyambira, ndipo pamene akanatha kuphunzira dzina linali litakula kale. Akanalowa bwanji sukulu yoyendetsa galimoto yomwe pakhoma pake pali chithunzi chawo? Wina akawapatsa makiyi kuti ayese galimoto, ankaonetsa manja a penti, kapena kunena kuti woyendetsa samva bwino injini. Anthu ankaona ngati ndi ukatswiri. Ulendo uliwonse wa ku Machinga ankawatenga ndi Che Hassani, amene anakulira nawo limodzi, ndipo Che Hassaniwo ankawaseka m'njira monse koma sanauzepo munthu.

Laisensi m'nyumba imeneyo inali nane. Ndinaipeza m'chaka chomaliza ku koleji chifukwa malonda a ntchito ambiri ankaifuna. Chiyambire tsiku la mayeso ndinali ndisanagwirenso chiwongolero.

Mu Julaye 2022, Lolemba lina, Che Hassani anabwera ku Balaka ndi mpunga pa pikapu yawo yoyera yakale, nakomoka pamsika akutsitsa matumba. Anthu anawathamangitsira kuchipatala pa pikapu yomweyo, ndipo inatsala pabwalo la chipatala pansi pa mitengo ya mango. Akazi awo, mayi Lukiya, anabwera pa minibasi kudzawadikirira. Amalume ankapita kukawaona m'mawa ndi madzulo. Lachinayi cha m'ma naini koloko m'mawa Che Hassani anamwalira.

Tinafika kuchipatala titamva uthenga. Akulu awo a malemu, Che Abdulrahim, anali atafika kale ndi amuna anayi a kumudzi. Anali munthu wamtali, wa ndevu zoyera, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata. Anatiuza kuti manda akukumbidwa kale ku Nselema. Msilamu amaikidwa tsiku lomwelo, ndipo shehe anali atanena kuti mwambo uchitika ikangotha swala ya alasiri, pemphero la chakumadzulo, cha m'ma hafu pasiti firii. Thupi linkayenera kufika kunyumba nthawi isanakwane kuti likasambitsidwe ndi kukulungidwa mu sanda. Mapepala a kuchipatala anatha cha m'ma thwelofu. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi zana limodzi.

Pamenepo mayi Lukiya anamasula mfundo ya pakona pa chitenje chawo, natulutsa makiyi, nanyonyomala pang'ono pamaso pa amalume. Anati malemu sankalola munthu aliyense kugwira galimoto yawo, ngakhale ana awo, koma akudziwa kuti a Blasius okha sakanawakaniza. Anati si bwino kuti mlendo wa pa depoti akatule mwamuna wawo kumudzi pamene mnzawo wa paubwana alipo, komanso mnzawoyo ndi amene amaphunzitsa dziko lonse za galimoto. Amuna aja anavomereza ndi mitu.

Amalume analandira makiyiwo ndi manja awiri.

Anazungulira pikapu. Anatsegula boneti, nasolola kachitsulo koyezera oyilo, nakapukuta, nakabwezera, nakasololanso. Anayang'ana madzi. Anaponda tayala lililonse ndi chidendene. Anagwada kusuzumira pansi. Zonsezi ankazichita mwaluso, ndipo amuna a ku Nselema ankaonerera mwaulemu. Panatha mphindi khumi. Ndinawayandikira ngati ndikuthandiza kutseka boneti.

"Amalume, kumbuyoku kukwera anthu asanu amoyo. Kutsogolo mayi Lukiya."

"Kuwerenga ndimadziwa."

"Pambuyo pa Liwonde pali mapiri."

"Ndinalembapo za mapiri amenewo katatu."

Anatseka boneti, napukuta manja pa thalauza, napita pomwe panaima Che Abdulrahim. Anayankhula mosakweza mawu, koma aliyense anamva.

"Che Abdulrahim, mundikhululukire. Ine sindidziwa kuyendetsa galimoto."

Ndinkaganiza kuti chovuta chinali kunena mawu amenewo. Chimene sindinawerengere n'chakuti palibe akanakhulupirira. Mmodzi wa amuna aja anati chisoni chawasokoneza, apatsidwe madzi. Wina anati mwina maso ayamba kuvuta, palibe vuto, tiziyenda pang'onopang'ono. Amalume anabwereza mawu omwewo. Che Abdulrahim anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa anzawo nanena zina m'Chiyao, mwamsanga ndi motsitsa. Chiyao ndimamva zochepa, koma amalume amachimva chonse, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"A Blasius," anatero Che Abdulrahim m'Chichewa, "ngati ku tchalitchi kwanu sakulolani kunyamula maliro a Msilamu, ingonenani. Sitikwiya. Koma musatinamize ngati ana."

"Iyayi, ambuje. Si zimenezo."

"Nanga n'chiyani? Mpunga wake munkadya. Pa Idi munkabwera."

Amalume anatulutsa kachikwama kawo, nayala pa boneti zonse zinali momwemo: chitupa cha unzika, khadi la ku banki, kakhadi ka ku parishi. Anati aone okha, laisensi mulibe. Che Abdulrahim sanayang'ane n'komwe. Anati theka la oyendetsa galimoto pakati pa Ntaja ndi Nayuchi alibe laisensi, ndipo onsewo amafika kumene akupita. Ine ndinayesa kuikira umboni. Anandiyankha mwaulemu kuti mwana wa mlongo sangatsutse malume ake pagulu, ndipo akuyamikira kuti ndinaleredwa bwino. Wamng'ono pa amuna aja, yemwe ankaoneka kuti akufunadi kuthandiza, ananena pamtima ndime yonse ya Pansi pa Boneti yokhudza kutsika phiri pa giya yachiwiri osadalira buleki, nafunsa ngati munthu wosayendetsa angalembe zimenezo. Funsolo linali labwino. Ndikanakhala iyeyo ndikanafunsa lomwelo.

Tsopano mayi Lukiya anatambasula dzanja.

"Bweretsani makiyi, a Blasius. Tikapeza wina ku depoti. Inu pitani mukapume kunyumba, musavutike n'kubwera kumudzi."

Sanakalipe. Koma aliyense pamenepo anadziwa tanthauzo la kuuza munthu kuti asavutike n'kubwera pa maliro. Ku Nselema nkhani ikanatsala yakuti Mkhristu uja anakana mtembo wa mnzake pabwalo la chipatala, ndipo ikanafika ku Ntaja kwa abale athu dzuwa lisanalowe.

Amalume sanabweze makiyi. Anapempha aliyense kuti aime patali, kumbali ya khonde. Analowa kumanja, nasendeza mpando, nakonza galasi. Zenera linali lotsegula, ndipo ndinkawamva akudziuza okha chilichonse motsatana, ndendende monga momwe analembera mu nkhani ya mu Marichi 2009: giya pakati, kalatchi pansi, kiyi, giya yoyamba, handibuleki. Injini inalira bwinobwino. Kenaka anachotsa phazi pa kalatchi kamodzin'kamodzi, phazi lina litakanikiza mafuta.

Pikapu inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Inadutsa pakati pa mabeseni a amayi odikirira odwala, inaphonya njinga ya kabaza pang'ono pokha, nikagunda mtengo wa mango ndi ngodya yakumanzere. Nyali inasweka. Injini inazima. Masamba ouma anagwera pa boneti.

Palibe anavulala. Kenaka wakabaza uja, atagwira njinga yake, anafunsa mokweza ngati awo si a Pansi pa Boneti. Anthu anayamba kusonkhana. Mnyamata wina pakhonde anali atakweza foni.

Patapita masiku ndinawafunsa amalume ngati anagunda dala kuti akhulupiriridwe. Anati iyayi, anayesetsa ndi mtima wonse kuti ayendetse bwino, ndipo mpaka pomwe amachotsa phazi ankaganiza kuti mwina zitheka.

Che Abdulrahim anayenda mpaka pa zenera, nawerama.

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi."

"Malemu ankadziwa?"

"Ankadziwa."

Mkuluyo anaweramuka, nagwira ndevu. Anati mng'ono wawoyo sankatha kusunga chinsinsi ngakhale cha mtengo wa mbuzi, ndiye akudabwa kuti ichi anachisunga bwanji. Anatsegula chitseko nawathandiza amalume kutsika. Za tchalitchi sanazitchulenso.

Inali twente thu wani. Amalume anasuzumira pansi pa injini nanena kuti chasweka ndi nyali yokha, madzi sakudontha, ndipo tikafika kusanade. Za zimenezo aliyense anawakhulupirira. Wina anati athamangire ku depoti, koma kupita, kukambirana ndi kubwerera kukanadya theka la ola kapena kuposa. Amalume anandiloza.

"Uyu ali ndi laisensi. Yeniyeni."

Amuna aja anayang'anana. Mmodzi anati sanaonepo mkazi akuyendetsa maliro. Che Abdulrahim anaimbira shehe, ndipo shehe anayankha kuti chimene iye akufuna ndi thupi lifike alasiri isanakwane. Mtsikanayo akafika akakhale ndi amayi anzake kunyumba, kumanda sapita. Mayi Lukiya anandipatsa mpango kuti ndifunde kumutu. Ndinawauza onse kuti chiyambire mayeso sindinayendetsepo. Che Abdulrahim anati lero amva zokwanira za anthu osayendetsa, tiyeni.

Anagoneka thupi kumbuyo pa matiresi, atalifunda nsalu, amuna asanu atakhala m'mbali. Kutsogolo tinapanikizana atatu, mayi Lukiya pakati, amalume kumanzere. Pikapu inandizimira kawiri tisanatuluke pageti, pamaso pa gulu lomwe lija. Ulendo wachitatu amalume anati ndisayang'ane anthu, ndimvetsere injini, ndipo ikayamba kulemedwa ndiimitse phazi pomwepo osalikweza. Tinatuluka.

Msewu wa ku Liwonde ndi woongoka, ndipo ndinapezako mpweya. Amalume anatsinzina. Ankangoti "yachitatu," pakapita kanthawi "yachinayi," nthawi zina "usaope, ndi chitseko chakumbuyo chikugogoda, chinayamba kalekale." Anandichenjeza kuti buleki ya pikapu imeneyi imagwira ukaponda kachiwiri, ndipo chiwongolero chimakokera kumanzere. Zonse zinali zoona. Titawoloka mlatho wa Shire n'kukhotera msewu wa ku Ntaja, mapiri anayamba. Potsika chitsikiro choyamba phazi langa linathamangira pa buleki, iwo anati giya yachiwiri, ndipo injini inabuula koma inatigwira. Kumbuyo amuna ankanena mapemphero motsitsa. Mayi Lukiya ankalira mosatulutsa mawu, dzanja limodzi atagwira bondo langa, zimene sizinkathandiza posintha giya, koma sindinawauze.

Cha ku Nsanama mayi Lukiya anawafunsa amalume chifukwa chake sanaphunzire kwa malemu, poti mwayi unalipo. Amalume anati anayesapo kamodzi mu 1998 pa bwalo la mpira la kusukulu dzuwa litangotuluka, ndipo Che Hassani anaseka kwambiri mpaka anagona pa udzu, phunziro n'kuthera pomwepo asanalize n'komwe injini. Mayi Lukiya anati akukumbukira tsiku limenelo. Mwamuna wawo anabwera kunyumba zovala zili mame okhaokha, nakana kunena kumene anali, ndipo iwo anakwiya sabata yathunthu poganiza zina.

Pa Ntaja msika unali utasefukira mumsewu. Ndinayenda pa giya yoyamba pakati pa njinga za kabaza ndi milu ya chinangwa. Anthu ataona nsalu kumbuyo anapatuka, amuna ena navula zipewa. Koma uthenga wa pafoni unali utatipitirira. Anyamata a pa siteji ya minibasi ankaloza nyali yoswekayo, kenaka kuloza amalume. Iwo sanatsitse mutu. Anapereka moni kwa amene ankawadziwa.

Tinaona masamba oyalidwa pamsewu ku Nselema nthawi ili teni pasiti firii. Nditazimitsa injini manja anakana kuchoka pa chiwongolero, mpaka mayi wina anachita kundimasula zala. Anandilowetsa m'nyumba momwe munali amayi. Zotsalazo ndinaonera pa zenera. Amalume anakakhala pa benchi yakumapeto, pafupi ndi khola, okhaokha. Atamaliza kusambitsa ndi kuswali, jeneza yonyamulira thupi inatuluka, amuna akulandizana paphewa monga amachitira. Itafika pafupi ndi khola, Che Abdulrahim anatuluka pamzere, nagwira amalume pamkono, nawalowetsa kutsogolo kumanja. Ananyamula mpaka pomwe ndinalekera kuwaona.

Kanema wa pabwalo la chipatala anazungulira mafoni a Balaka yense pofika Loweruka. Lolemba a Hilary anabwera ku shedi. Anakhala pa chitini cha penti, nayankhula nthawi yaitali za ubwenzi wawo, kenaka anati owerenga sangafunse malangizo kwa munthu amene amuona akugunda mtengo woima. Amalume anati akumvetsa. Anapempha kuti alembe nkhani imodzi yomaliza yofotokoza okha, a Hilary anavomera, ndipo inatuluka mu Ogasiti, ndime zinayi zokha. Pa theka la tsamba lija tsopano pamakhala malonda a mbewu.

Ntchito ya penti sinachepe. Mwina inawonjezekanso, chifukwa a minibasi ankabwera kudzaona munthuyo ndi maso awo. Amawaitana kuti a dalaivala, ndipo iwo amayankha.

Masiku makumi anayi atakwana, Che Abdulrahim anaimba foni kunena kuti sadaka ya malemu ndi Lamlungu, ndipo a Blasius asachedwe chifukwa akakhala pa mkeka wa abale. Ine anati ndibwerenso, amayi a kumudziko akundifunsa. Tinanyamula thumba la shuga ndi nkhuku ziwiri, n'kukwera minibasi pa depoti. Kondakitala atawaona anatsegula chitseko chakumanja mwaulemu waukulu, nafunsa ngati akufuna kuyendetsa okha. Amalume anati iyayi, lero ali ndi nkhuku, nakakhala kumbuyo.